Mmene mungalondolere liwu la Chingerezi mpaka komwe linachokera kalekale

Liwu loti wheel, lomwe lija lili kumayambiriro kwa wilibala, ndi liwu loti cycle la mu bicycle ndi liwu limodzi. Sindikunena zongofanana tanthauzo ayi, ndikunena kuti zaka zoposa 5000 zapitazo linali liwu limodzi lenileni mkamwa mwa anthu amodzi, kenako linagawikana njira, kwina linadzera kumpoto kwa Ulaya kwina kwa Agiriki, nkudzakumananso mu Chingerezi litasinthiratu nkhope moti chomwe chatsala chofanana ndi l yekha basi. Pomwe have wa Chingerezi ndi habere wa Chilatini, omwe amaoneka ngati mapasa ndipo onse amatanthauza kukhala ndi chinthu, alibe ubale olo pang'ono. Ineyo ndinagwa nazo zimenezi. Ndinalemba mu kope langa mosakayika konse kuti have linachokera ku habere, ndinauzakonso anthu angapo, patapita miyezi mpomwe ndinazindikira kuti ndawasocheretsa, ndipo zinandiwawa chifukwa anandikhulupirira. Chiyambire tsiku limenelo ndinasiya kudalira maso pa nkhani ya chiyambi cha mawu. Liwu mumalilondola chobwerera m'mbuyo, phazi limodzi limodzi, ndipo paliponse pomwe mwaponda pazikhala umboni.

Nde tiyeni tiyende ndi wheel yemweyu, muone mmene zimakhalira.

Zoti mukhale nazo pafupi

Kope ndi peni, ndiponso madikishonale awiri kapena atatu ofotokoza chiyambi cha mawu. Osati imodzi. Yaikulu pa onse ndi Oxford English Dictionary, yomwe maganizo oilemba anayamba mu 1857 koma inadzatha kusindikizidwa yonse mu 1928, ndipo James Murray yemwe anaitsogolera zaka zambiri anamwalira isanathe. Ubwino wake ngwakuti simangokuuzani kuti liwu linachokera uku, imakuonetsani ziganizo zenizeni zomwe liwulo linalembedwamo, chilichonse ndi chaka chake, kuyambira chakale kwambiri chomwe anachipeza. Anthu ongodzipereka ankawerenga mabuku akale nkumatumiza ziganizozo pa timapepala, mamiliyoni a timapepala. Vuto lake nlakuti pa intaneti zambiri za mmenemo nzolipira. Yaulere yomwe ambiri timayambira ndi Etymonline ya Douglas Harper, imalemba mwachidule komanso momveka. Wiktionary nayo imathandiza kwambiri makamaka mukafuna kudumphira ku zinenero zina chifukwa mumangodina liwu nkukafika pa tsamba lake, koma kumbukirani kuti aliyense atha kulembamo, nde chomwe mwapeza mmenemo kachitsimikizeni kwina.

Mu kopemo lembani liwu lanu pamwamba pa tsamba. Pansi pake muzilemba mzere umodzi pa sitepe iliyonse: kalembedwe ka liwulo, chinenero chake, nthawi yake, ndi tanthauzo lomwe linali nalo panthawiyo. Tanthauzolo musamalisiye, tibwererako.

Madikishonalewa ali ndi kalankhulidwe kawo ndipo mukapanda kukadziwa mumawerenga zina pomwe alemba zina. OE ndi Old English, ME ndi Middle English, OF ndi Chifalansa chakale, ON ndi Old Norse chomwe ankayankhula ma Viking, L ndi Chilatini, Gk ndi Chigiriki. Ka c. kutsogolo kwa chaka kakutanthauza cha m'ma. Koma chachikulu kuposa zonsezi ndi kusiyana kwa from ndi cognate with. Akati from akunena kholo, liwu lanu linatuluka mwa ilo. Akati cognate with akunena msuweni, onse awiri ali ndi agogo amodzi koma wina sanabereke mnzake. Anthu ambiri amasokoneza pamenepa, amaona father pafupi ndi pater nkumati father linachokera ku Chilatini, pomwe ayi, awiriwa ndi apachibale chabe. Ndipo mukaona perhaps kapena probably mukopere momwemo mu kope lanu, musalimeze, mlembiyo akukuuzani kuti apa nthaka njoterera.

Kubwerera m'mbuyo mkati mwa Chingerezi momwemo

Musanathamangire ku Chilatini kapena Chigiriki, yendani kaye mu Chingerezi mpaka pomwe chikuthera. Chimagawidwa patatu: cha masiku ano kuyambira cha m'ma 1500, Middle English kuyambira cha m'ma 1100 mpaka 1500, ndi Old English kuyambira pomwe ma Angle, ma Saxon ndi ma Jute anawolokera ku Britain cha m'ma 450. Old English musaiganizire ngati Chingerezi cha thee ndi thou chija, chimenecho nchaposachedwa. Yeniyeniyo olo mzungu wa ku London sangaimve popanda kuiphunzira, ili ndi zilembo ngati þ ndi ð zomwe pano amalemba th.

Wheel mu Middle English mulipeza ngati whel kapena whele. Mukatsika ku Old English ndi hwēol, ndipo pali kalembedwe kena kotalikirapo, hweogol. Imani kaye apa muyang'anitsitse, pali zinthu ziwiri. Choyamba h ali kutsogolo kwa w, ndipo ankamutchula, alembi a pambuyo pake ndi omwe anadzatembenuza kukhala wh. What linali hwæt, who linali hwā. Chachiwiri ndi g wapakati pa hweogol uja, akukunong'onezani kuti liwuli linali lalitali kale, china chake chinagwa pakatipo. Zilembeni zonse ziwiri, muzifuna kutsogoloku.

Za mavawelo musavutike nazo kwambiri poyamba. Pakati pa 1400 ndi 1600 mavawelo aatali a Chingerezi anasuntha onse, chomwe amachitcha Great Vowel Shift, ndipo nthawi yomweyo William Caxton anali atayamba kusindikiza mabuku ku Westminster mu 1476, kalembedwe kanayamba kuuma pomwe katchulidwe kakuyendabe. Nchifukwa chake ee wa mu wheel amamveka ngati i wautali pomwe kale anali e ndithu. Makonsonanti ndi omwe amasunga mbiri bwino.

Funso lomwe limasankha njira yonse

Mukafika pa kalembedwe kakale kwambiri mudzifunse: kodi liwuli ndi mbadwa kapena nlobwera? Chaka chomwe linayamba kuonekera chimakuuzani zambiri. Likapezeka kale mu Old English ndipo lili ndi abale mu Chijeremani, Chidatchi ndi zinenero za ku Scandinavia, ambiri mwa oterewa ndi mbadwa. Wheel ndi choncho, Adatchi amati wiel, Old Norse inali ndi hjól. Likatulukira mwadzidzidzi cha m'ma 1200 kapena 1300 kayang'aneni ku Chifalansa, chifukwa William wa ku Normandy atagonjetsa England mu 1066 olamulira ankayankhula Chifalansa kwa zaka mazana angapo ndipo mawu a kukhoti, a boma, a nkhondo ndi a tchalitchi analowa mwaunyinji. Likayamba ndi sk ngati sky, skin, skill, ganizirani ma Viking, ndipo shirt ndi skirt ndi liwu limodzi, shirt ndi mbadwa pomwe skirt anabwera nalo iwowo. Window nalo ndi lawo, vindauga, diso la mphepo. Likakhala ndi ph, kapena ch womveka ngati k, kapena y pakati monga cycle yemweyu, kawirikawiri pali Chigiriki chomwe nthawi zambiri chinadzera mu Chilatini.

Liwu lobwera mumalitsatira kumene linachokera nkuyambiranso ntchito yomweyi mu chinenero chimenecho. Tengani chief. Linalowa cha m'ma 1300 kuchokera ku Chifalansa chakale, komwe linkatanthauza mutu, ndipo ilo linachokera ku caput wa Chilatini, mutu womwewu wapakhosi. Patapita zaka pafupifupi 500 Angerezi anabwerekanso liwu lomwelo kachiwiri litasintha katchulidwe ku France, nde mpomwe panabwera chef. Captain, capital, chapter, ngakhale cattle, onsewa ndi ana a caput. Kapitawo wathu nayenso ndi wa banja lomweli, kungoti iye anadzera kwa Apwitikizi, capitão. Ndipo mbadwa ya Chingerezi ya banja limeneli ilipo, ndi head, lomwe mu Old English linali hēafod. Muone h kumayambiriro pomwe Chilatini chili ndi c, ndi f pomwe chili ndi p. Sizinangochitika mwangozi zimenezo.

Pomwe zolembedwa zathera

Old English inayamba kulembedwa bwinobwino cha m'ma 700. Kuseri kwake kulibe buku lomwe mungatsegule nkupeza agogo a hwēol. Apa mpomwe ambiri amaganiza kuti zatha, koma ntchito yokoma imayambira pompano, ndipo njira yake ife tiimva msanga. Tikaika munthu pafupi ndi mtu wa Chiswahili ndi umuntu wa Chizulu palibe amene angatsutse kuti kunali liwu limodzi kale lomwe onsewa anatulukamo, olo palibe analilemba. Akatswiri amachita chimodzimodzi ndi Chingerezi: amaika pamodzi Old English, Old Norse, Chijeremani chakale ndi Gothic, chomwe chinasungika mu Baibulo lomwe bishopu Wulfila anamasulira m'zaka za m'ma 300, nkuona kuti kholo lake liyenera kuti linkamveka bwanji kuti libale zonsezi. Chinenero chongomangidwanso chimenecho amachitcha Proto-Germanic, ndipo wheel mmenemo amalemba *hwehwlą.

Kanyenyezi kali kutsogoloko nkofunika kwambiri, musamakasiye pokopera. Kakutanthauza kuti liwuli palibe analiona litalembedwa paliponse, analipeza pofananitsa. Mu kope langa ndimajambula mzere wofiira modutsa tsamba lonse, pamwamba pake zolembedwa zenizeni, pansi pake za kanyenyezi, kuti ndikadzabwereranso ndisadzasakanize.

Sitepe yotsatira imatuluka kunja kwa banja la Chijeremani. Mu 1786 William Jones, yemwe anali jaji ku Calcutta ndipo ankaphunzira Sanskrit, chinenero chakale cha ku India, anauza bungwe la Asiatic Society kuti Sanskrit, Chigiriki ndi Chilatini nzofanana kwambiri mu mizu ya maverebu komanso mu galamala moti ziyenera kuti zinachokera pa gwero limodzi lomwe mwina kulibenso. Gwero limenelo pano limatchedwa Proto-Indo-European, mwachidule PIE, ndipo akatswiri ambiri amaliika ku zigwa za kumpoto kwa Black Sea zaka 5000 mpaka 6000 zapitazo. Chingerezi, Chirasha, Chihindi, Chiperisiya, Chifalansa, Chigiriki, zonsezi ndi zidzukulu zake.

Lamulo lomwe muyenera kuloweza

Ngati pali chinthu chimodzi choti muchisunge pamtima pa nkhani yonseyi ndi ichi. Katchulidwe sikasintha mwachisawawa liwu ndi liwu, kakasintha kamasintha m'mawu onse a chinenerocho omwe ali ndi malo ofanana. Rasmus Rask wa ku Denmark anaona zimenezi mu 1818, Jacob Grimm nkudzazilongosola mwadongosolo mu 1822, nchifukwa chake amati lamulo la Grimm. Likunena zomwe zinachitikira makonsonanti a nthambi ya Chijeremani, yomwe Chingerezi chilimo, pomwe Chilatini ndi Chigiriki zinasunga akalewo.

P wakale anasanduka f: pater ndi father, piscis ndi fish, pedem ndi foot. T anasanduka th: tres ndi three, tenuis ndi thin. K anasanduka h, ndipo kumbukirani kuti c wa Chilatini ankatchulidwa k nthawi zonse: cornu ndi horn, cordis ndi heart, centum ndi hund wa mu hundred, caput ndi head uja. Kenako d anasanduka t: decem ndi ten, duo ndi two, dentem ndi tooth, edere ndi eat. G anasanduka k: genu ndi knee, ndipo k wosatchulidwa wa mu knee uja ankatchulidwa kale, ndi mboni yomwe yangokhala chete.

Mukaloweza zimenezi mwapeza sefa. Bwererani kwa have ndi habere. H wa Chingerezi amayenera kukumana ndi c wa Chilatini, osati h, nde kufanana kwawoko ndi komwe kukusonyeza kuti si pachibale. Msuweni weniweni wa have ndi capere, kugwira kapena kutenga, ndipo nzomveka, chomwe wagwira ndi chomwe uli nacho. Chimodzimodzi day ndi dies, onse amatanthauza tsiku koma d wa Chilatini amafuna t mu Chingerezi, nde awiriwa sakugwirizana, wachibale wa dies wabisala mu Tuesday, tsiku la mulungu wotchedwa Tiw. Tsiku lomwe ndinamvetsa zimenezi ndinatenga kope lija nkuyamba kuyesa tsamba ndi tsamba mpaka usiku, ndikufufuta zomwe ndinalemba pongoona ndi maso, ndipo zinali zambiri kuposa mmene ndinkaganizira.

Sefa yomweyi imagwiranso ntchito chotembenuza. Liwu la Chingerezi lomwe ndi lachibale ndi la Chilatini likasunga p, t, k kapena d yemwe lamuloli likanamusintha, nthawi zambiri nlobwereka. Paternal ali ndi p, nde ngobwera, father ndiye mbadwa. Dental ndi tooth, pedal ndi foot, cordial ndi heart, awiriawiri choncho, muzu umodzi njira ziwiri.

Mudzakumana ndi mawu ena omwe akuoneka ngati akuphwanya lamuloli, musafulumire kulitaya. Frater wa Chilatini ndi brōþor wa Old English, brother wa leroyu, zikuyenda bwino, t wapita ku th, koma father mu Old English linali fæder, ndi d, th wa leroyu anadzabwera mochedwa. Zimenezi zinazunguza akatswiri kwa zaka 50 mpaka Karl Verner mu 1875 anaona kuti yankho lili pa malo omwe liwu linkatsindikidwa kalelo. Mu Sanskrit liwu la mchimwene, bhrātar, amatsindika koyambirira, pomwe la bambo, pitar, amatsindika kumapeto, ndipo kusiyana kumeneko ndi komwe kunabala th kwina d kwina. Chomwe chinkaoneka ngati chisokonezo chinali lamulo lina lachiwiri. G wa mu hweogol uja naye anachokera pomwepa.

Tsopano wheel afike kwawo

Tili ndi *hwehwlą. Bwezani lamulo la Grimm chambuyo, h aliyense abwerere ku k, nde hw akhala kw. Kuti mutsimikize yesani ndi mawu ena: what ndi quod wa Chilatini, who ndi quis, zikugwirizana. Nde tikufuna liwu looneka ngati kwekwl. Kafufuzeni mu zinenero zakale zija. Chigiriki chili ndi kyklos, chinthu chozungulira. Sanskrit ili ndi cakra, gudumu, c wake amatchulidwa ngati ch ndipo l kusanduka r nchinthu chofala mu Sanskrit. Ngakhale Tocharian, chinenero chomwe chinafa kalekale ndipo zolemba zake zinapezeka ku chipululu cha kumadzulo kwa China, chili ndi kokale, ngolo. Akatswiri akaphatikiza zonsezi amalemba *kʷékʷlos.

Ndipo liwuli limang'ambikanso. Muzu wake ndi *kʷel-, kuzungulira kapena kutembenuka, ndipo anaubwereza koyambirira, kʷe-kʷl. Ife zobwereza mawu ndi zathu, nde tikhoza kulimva kuposa mzungu amene: anthu aja ataona chinthu chatsopanochi anachitcha chozungulirazungulira. Ineyo ndikafika pamenepa thupi limachita tsemwe, chifukwa ukumva maganizo a munthu yemwe sanasiye dzina kapena chilembo chilichonse.

Kyklos uja Aroma anamutenga nkukhala cyclus, analowa mu Chingerezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300, ndipo m'ma 1860 ku France anamuphatikiza ndi bi wa Chilatini, ziwiri, kutchula njinga. Nde munthu akati bicycle wheel watchula liwu limodzi kawiri.

Palinso china chomwe liwu limeneli limachita, limathandiza kupima zaka za chinenero chonsecho. Ofukula zakale sapeza magudumu asanafike cha m'ma 3500 BC. Mphika wa ku Bronocice ku Poland, womwe uli ndi chithunzi cha ngolo, ndi wa nthawi imeneyo, ndipo gudumu lamtengo lomwe linapezeka mu 2002 m'dambo pafupi ndi Ljubljana ku Slovenia lili ndi zaka zoposa 5000. Tsono zinenero za banjali zimagawana osati liwu la gudumu lokha, komanso la mtanda wolumikiza magudumu, axle, Chilatini axis, Chigiriki axon, Sanskrit akṣa, ndi la goli, yoke, Chilatini iugum, Chigiriki zugon, Sanskrit yuga. Pachifukwa chimenechi akatswiri ambiri amati eni chinenerochi anabalalikana atadziwa kale ngolo, osati kale kuposa pamenepo.

Mwina mukufunsa kuti za kanyenyezizi tingazikhulupirire bwanji poti palibe anazimva. Funso labwino, ndipo yankho lomwe linandikhutiritsa ine ndi ili. Mu 1879 Ferdinand de Saussure, ali mnyamata wa zaka 21, anaona kuti mavawelo ena a PIE sakumveka bwino pokhapokha ngati kunali timawu tina tomwe tinasowa mu zinenero zonse zodziwika panthawiyo. Analibe umboni wolembedwa, anangowerengera. Anamwalira mu 1913. Mu 1915 Bedřich Hrozný anakwanitsa kuwerenga Chihiti, chinenero chakalekale cha banja lomweli, pa mapale adongo ofukulidwa ku Boğazköy ku Turkey, ndipo limodzi mwa mawu omwe anamutsegulira chitseko linali watar, madzi. Kenako mu 1927 Jerzy Kuryłowicz anaonetsa kuti Chihiti chili ndi konsonanti ḫ pamalo ambiri pomwe Saussure ananena kuti payenera kukhala kanthu, monga ḫanti pomwe Chilatini chili ndi ante. Njira yomwe imatha kulosera chinthu chomwe chikadali pansi pa nthaka ndi njira yoti nkuidalira.

Misampha ya panjira

Tanthauzo limayenda kuposa mmene mungaganizire, nchifukwa chake ndinati muzililemba pa mzere uliwonse. Nice cha m'ma 1300 linkatanthauza wopusa, kuchokera ku nescius wa Chilatini, wosadziwa. Deer mu Old English inali nyama iliyonse yakutchire, Ajeremani mpaka pano Tier ndi nyama basi. Meat chinali chakudya chilichonse. Girl anali mwana aliyense, wamwamuna kapena wamkazi. Nde kusiyana kwa tanthauzo pakokha sikukana ubale, bola muone masitepe omwe tanthauzolo linadutsa, pomwe katchulidwe kakakana ndiye kuti zakanika basi.

Kalembedwe nako kamanama. S wa mu island sanabadwe nalo, Old English inali īegland, anthu ophunzira anadzamuikamo poganiza kuti nlachibale ndi isle wochokera ku Chilatini. B wa mu debt anamulowetsa kuti lifanane ndi debitum, pomwe Middle English inkalemba dette. Apron linali napron, anthu pomva a napron ankadula molakwika nkukhala an apron, n anasamukira kwa mnzake. Adder, njoka ija, zinaichitikira zomwezo, pomwe nickname zinachitika chotembenuza, linali an ekename, dzina loonjezera. Zonsezi simungazione mukadumpha Middle English.

Koma msampha waukulu ndi nkhani zokoma zomwe zimazungulira pa Facebook ndi WhatsApp. Yotchuka ndi yoti posh ndi chidule cha port out, starboard home, ati zinkalembedwa pa matikiti a sitima zopita ku India. Palibe tikiti olo imodzi yotero yomwe inapezekapo. Mukangomva kuti liwu lakale ndi chidule cha zilembo zoyamba chenjerani, mchitidwe umenewo unafala m'zaka za m'ma 1900, radar ndi laser ndi zoona, koma mawu a zaka mazanamazana ayi. Ya salary nayo imakometsedwa, nzoona kuti salarium wa Chilatini ali pachibale ndi sal, mchere, koma zoti asilikali a Roma ankalandira mchere ngati malipiro palibe cholembedwa chakale chomwe chimanena zimenezo. Funso lanu lizikhala limodzi nthawi zonse: zinalembedwa kuti, chaka chanji? Nkhani ikakoma kwambiri koma chaka palibe, isiyeni.

Ndipo kufanana kwangozi kulipo kwambiri kuposa mmene timaganizira, chifukwa pakamwa pa munthu pamatuluka timawu towerengeka pomwe mawu ndi zikwizikwi. Bad wa Chiperisiya amatanthauza choipa ngati bad wa Chingerezi, alibe ubale. Much ndi mucho wa Chisipanishi alibenso, mucho anachokera ku multus. Mbabaram, chinenero cha ku Queensland ku Australia, galu ankamutcha dog, ndipo sanabwereke kwa mzungu, linachokera ku liwu lawo lakale lomwe abale ake ali mu zinenero zoyandikana nazo.

Si liwu lililonse lomwe likafike ku PIE, ndipo musalikakamize. Orange mukamulondola adutsa ku Chifalansa chakale orenge, Chiarabu nāranj, Chiperisiya nārang, mpaka Sanskrit nāraṅga, n woyambirira anagwera panjira koma Asipanishi anamusunga mu naranja, ndipo lalanje lathu linadzera ku laranja wa Apwitikizi. Pa Sanskrit pamenepo njira ya banjali yathera, akatswiri amaloza ku zinenero za Dravidian za kumwera kwa India, lomwe ndi banja lina kotheratu, nde lamulo la Grimm lilibenso ntchito kumeneko.

Ena amangoima pakati panjira popanda kolowera. Hound amayenda bwinobwino, Old English hund, Chijeremani Hund, h kubwerera ku k, canis wa Chilatini, kyon wa Chigiriki, śvan wa Sanskrit, mpaka pansi pa mzere wofiira. Ilo ndi lomwe linali liwu la galu aliyense kale. Koma dog, lomwe linadzalanda malo ake, limangotulukira chakumapeto kwa Old English m'zaka za m'ma 1000 ngati docga, lopanda m'bale wodziwika mu zinenero zakale zija, ndipo madikishonale akuluakulu onse amangolemba kuti gwero lake silidziwika. Pa intaneti mupeza anthu ambiri omwe ali ndi yankho lake, aliyense lakelake. Mu kope langa tsamba la wheel ladzaza mpaka kuseri, la dog lili ndi mizere itatu, dog, dogge, docga, ndipo pansi pake sindinajambule mzere wofiira chifukwa palibe choti ndilembe kumunsi kwake.